Matenda Anachoka, Dzina Linatsala

Chenjezo: m'nkhaniyi muli za matenda a maganizo, kumangidwa ndi zingwe komanso kugwiriridwa.

Sabata yatha wina anaponya vidiyo mu gulupu yathu ya WhatsApp, ya ife amene tinamaliza limodzi ku yunivesite. Mayi wina ali pakati pa msika, bulauzi wavula, akuyankhula yekha mokuwa. Anyamata a kabaza amuzungulira, wina akumugenda ndi chitsononkho, wojambulayo akuseka mpaka foni ikuchita kugwedera. Pasanathe mphindi 10 tinkhope toseka tinali mbwee. Wina analemba kuti, "Wathawa ku Zomba uyu." Ndinayang'ana maina a osekawo. Atatu mwa iwo ndi omwe aja amene pa 10 October anaika pa sitetasi mawu okoma a umoyo wa maganizo, ndi kariboni kobiriwira pambali pake.

Ine sindinaseke, koma musandiyese woyera mtima ayi. Mavidiyo otere ndinawasekapo ndithu, ena ndinasheyako. Chinandisiyitsa n'chakuti tsiku lina mayi wotereyu anali wa m'nyumba mwathu.

Ndi mkulu wanga, mwana wa amayi aakulu. Dzina sinditchula, mudzi sinditchula, ndingoti ndi cha uko mukadutsa pa Nsaru. Ndawapempha ndisanalembe, ndipo avomera. Ndiziwatchula kuti asisi, monga ndimawaitanira.

Asisi anachira bwinobwino kuchipatala, mwana wamkazi, woyamba. Atatha masiku asanu ali m'chikuta, tulo tinawathawa. Usiku wonse kuyendayenda m'nyumba, kuimba nyimbo za kwaya, kuseka, kenako kulira. Pofika sabata anayamba kunena kuti mwanayo si wawo, wawo weniweni anawasinthira, ndiponso kuti padenga pali anthu amene akupangana zowapha. Anakana kuyamwitsa. M'mawa wina anapezeka kudimba, opanda nsapato, mame ali thupi lonse.

Zimene zinanenedwa mukuzidziwa kale. Akuchimuna anati pali mwambo wasemphedwa, wina sanadikire. Akwathu anati alamu anakhwimira geni yawo ya fodya, ndiye mtengo wake ndi mutu wa mkazi. Ena anati chibwenzi chakale cha alamu ndicho chawalodza. Akumpingo anati ndi ziwanda. Yankho lililonse linali ndi munthu wake womuloza chala, moti mabanja awiri anasiya kupatsana moni. Pa anthu onsewo panalibe amene anatchula mawu oti matenda.

Anawamanga. Poyamba ndi chitenje, kenako ndi chingwe cha ng'ombe, pa nsanamira ya chigafa cha fodya kuseri kwa nyumba, kuti odutsa asaone. Mwana anatengedwa ndi apongozi awo. Anapita nawo kwa sing'anga, kunapita mbuzi. Anapita nawo kwa mneneri wina, anawasalitsa kudya, munthu woti wangobereka kumene. Zitakanika, alamu anaitana ankhoswe n'kunena kuti iwo sanakwatire wamisala, abale adzatenge munthu wawo. Asisi anali kuchitengwa, ndiye anabwerera kwathu ndi kathumba ka zovala, mwana atatsala.

Amene anatitsegula maso ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu. Anabwera kudzafunsa chifukwa chake khanda lija silinaoneke kusikelo, anamulondolera kwathu, ndipo atangowaona asisi anati, "Awa akudwala, ndipo matendawa ali ndi mankhwala." Amayi aakulu anagulitsa matumba awiri a mtedza, tinapeza galimoto, ulendo wa kuchipatala m'tauni. Anagonekedwa. Patatha masabata awiri anayamba kugona tulo. Patatha mwezi anafunsa kuti mwana wanga ali kuti. Pomatha miyezi iwiri anatuluka akudziwa aliyense, akubisa zipsera za chingwe m'manja mwawo ndi malaya aatali mikono.

Madokotala amawatcha matendawa postpartum psychosis. Amagwira mayi mmodzi kapena awiri pa amayi 1,000 alionse amene abereka, ndipo kawirikawiri amayamba m'masabata awiri oyambirira. Sasankha kuti uyu ndi wa ku Area 47, uyu wa kwa Kabudula, uyu amapemphera, uyu sapemphera. Ndi matenda oyenera kuthamangira nawo kuchipatala monga timachitira mayi akamataya magazi, chifukwa moyo wa mayi ndi wa mwana umakhala pachiswe. Amayi ambiri amachira akalandira thandizo. Ife tinataya mwezi wathunthu tikusakasaka mfiti.

Pano papita zaka 5. Asisi amagulitsa tomato ndi anyezi, ndipo tsiku la msika amadzuka tambala woyamba asanalire. Mwana wawo anamutenganso, koma nkhani inachita kufika kwa amfumu kawiri konse. Matenda anachoka, dzina ndiye lakanirira. Kubanki mkhonde anayamba awakana, ati wamisala sangabweze ngongole. Atawalola, anakana kuti akhale msungichuma, chonsecho pagulu lonselo ndi iwo okha amene anafika Fomu 4. Pamaliro sawaika pa mphika wa ndiwo, ndipo mpeni sawapatsa. Akakweza mawu chifukwa wina sanabweze ndalama ya tomato, anthu amatsinana kuti zayambiranso. Kamwana kawo kakalimbana ndi anzake kumkombaphala, amati n'za kumtundu.

Wina afunsa kuti, nanga izi zikulowa bwanji pa tsamba la ufulu wa amayi, si za azaumoyo izi? Asisi anga, khalani pansi ndikuuzeni zimene ndakhala ndikuona poyenda m'magulu a amayi ku Namitete, ku Mpingu mpaka ku Nambuma.

Mwamuna akadwala mutu m'mudzi, kawirikawiri mkazi amakhala. Amaphika, amachapa, amamusaka akasowa, ndipo akangoti achoke amanenedwa kuti wathawa mwamuna pa matenda. Mkazi akadwala, kumaitanidwa ankhoswe. Ukwati umatha, ana amatengedwa, munda umalimidwa ndi wina, mbuzi zimagulitsidwa, ndipo palibe amene amati uku n'kulanda, poti mwini wake akuti sakudziwa kanthu. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa kusala munthu chifukwa ndi mkazi kapena chifukwa cha ulumali. Gawo 24 limanena za ufulu wa mayi wokhala ndi katundu, wolera ana ake, ndi wolandira gawo loyenera la katundu banja likatha. Ndawerenga magawo onse awiri kangapo, ndipo sindinapeze pamene analemba kuti ufuluwu umathera pachipata cha chipatala cha amisala.

Ina ndi iyi, ndipo ndi yowawa. Ndani mwa ife sanamuonepo mayi wodwala amene amagona pakhonde la sitolo, kenako tsiku lina n'kuona ali ndi pakati? Timatani? Timaseka, ati "koma amuna enawa ndi olimba mtima." Mimba imeneyo ili ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo ndi munthu wabwinobwino amene masana timamupatsa moni mwaulemu. Za ena timamva kuti amachita kutumidwa, ati ndi chizimba cha chuma. Kugona ndi munthu amene sangathe kuvomera chifukwa cha matenda ndi mlandu pamalamulo athu. Wogwirirayo amadziwa zimenezi, koma amadziwanso kuti mayiyu akanena palibe amene amukhulupirire. Chitetezo chimenecho timamupatsa ndi ife, nthawi iliyonse imene tinena kuti za wamisala sazimvera. Chaka chilichonse kuyambira pa 25 November mpaka pa 10 December timavala zofiirira ngati lalanje, timayenda ndi zikwangwani zothana ndi nkhanza. Mayi wa pakhonde la sitolo uja sitinamuikepo pa chikwangwani.

Nanga wosamalira amakhala ndani? Chaka chimene asisi anadwala, amayi aakulu sanalime. Mng'ono wathu wina anajomba kusukulu temu yathunthu kuti azilondera. Achimwene awo ankabwera kudzafunsa kuti zikuyenda bwanji, n'kumapita. Ntchito yonse yosambitsa, yodyetsa, yogona diso limodzi, imagwera amayi, azichemwali ndi agogo, ndipo mphoto yake ndi yakuti mabanja ena amauza ana awo aamuna kuti kubanja kuja musakafunsireko mbeta.

Pali inanso imene imatikhudza tonse, ngakhale amene sitinadwalepo. Ndani sanauzidwepo kuti "wapenga eti?" atakalipira munthu womugwiragwira m'minibasi, atafunsa za malipiro ake, atatsutsa atsibweni pa nkhani ya munda? Mawuwa amaluma chifukwa tonse tinagwirizana kale kuti wamisala ndi munthu wosafunika kumumvera. Ndiye tikamayankha kuti "ine si wamisala", tadzipulumutsa tokha lero, koma mpeni uja tausiya wakuthwa, ndipo mawa ukacheka wina amene sangathe kuyankha choncho. Tsiku limene kudwala mutu kudzasiye kukhala chitonzo, mawu amenewa sadzathanso kutseka mkazi aliyense pakamwa.

Tidziyang'anenso ife a m'tauni. Tapita patsogolo, sindikukana. Lero mtsikana atha kulemba pa Facebook kuti ali ndi dipuleshoni, akupita ku kaunselingi, ndipo timamutumizira timitima. N'zabwino, zipitirire. Koma taonani matenda amene tawalola kulowa m'nyumba: ndi aja amene munthu amadwala atasamba, atadzola, akuyankhula Chingerezi chomveka. Amene amamva mawu pamene palibe munthu, amene amavula, amene sanasambe mwezi, tawasiya panja ndipo tikuwajambula. Mtsikana wa pa yunivesite amene akumwa mankhwala a schizophrenia amaona mavidiyo amene timasheyawo. Iye ali mu gulupu yomweyo, ali chete, ndipo waphunzira kuti asadzatiuze.

Tinene zimene zikudziwika. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena mu 2022 kuti schizophrenia imagwira pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 300 alionse. Werengani anthu a mpingo wanu kapena a m'mudzi mwanu, muona kuti si nkhani yakutali. Imakonda kuyamba munthu ali wachinyamata, pa msinkhu wathu womwewu. Palinso bipolar, imene munthu amakhala masabata ali ndi mphamvu zosaneneka, osagona, kuyankhula kosalekeza, kumwaza ndalama, kenako n'kugwa m'chisoni chakuya. Matendawa amabwera pa zifukwa zophatikizana: za kumtundu zimakhalapo, zowawa zimene munthu wadutsamo, kusintha kwa m'thupi monga pobereka, ndipo kwa ena chamba chimawadzutsa. Kukhala ndi m'bale wodwala sikutanthauza kuti nawe udwala. Sapatsirana podyera mbale imodzi, ngakhale pogona mphasa imodzi. Khunyu nalo, limene anthu amaliphatikiza ndi misala, ndi matenda ena, ndipo silipatsirana pogwira munthu amene wagwa.

Dziwaninso kuti si kubalalika kulikonse kumene kuli matenda a maganizo. Malungo akafika mu ubongo, matenda oumitsa khosi, HIV ikafooketsa thupi, kusiya mowa mwadzidzidzi kwa munthu amene anauzolowera, zonsezi zimatha kubalalitsa munthu, ndipo zina zimapha pa masiku ochepa. Munthu wobwebweta akamangidwa pamtengo sabata yathunthu, mwina tikumanga munthu wa malungo. N'chifukwa chake koyambira ndi kuchipatala, akamuyeze.

Ndikudziwa zimene anthu amanena, zoti mankhwala a amisala amapusitsa munthu. Mawuwa sanachoke pachabe. Mankhwala amene amapezeka kwambiri m'zipatala zathu, monga chlorpromazine ndi haloperidol, ndi akalekale, a m'zaka za m'ma 1950. Amagwira ntchito, koma amatha kuumitsa thupi, kunjenjemeretsa manja, kutulutsa dovu ndi kugonetsa kwambiri. Asisi anayenda ngati chidole kwa masabata angapo, ndipo amayi aakulu anatsala pang'ono kutaya mapilitsi m'chimbudzi. Titabwerera kuchipatala anachepetsa mlingo, anawonjezera kamankhwala kena kofewetsa thupi, ndipo zinasintha. Zoterezi zikachitika bwererani mukanene, musangosiya. Kwa ovutika kumwa tsiku ndi tsiku kuli jakisoni amene amakhala m'thupi masabata angapo. Ndipo inu atsikana amene mukumwa sodium valproate, kambiranani ndi adokotala musanatenge pakati, chifukwa amatha kuvulaza mwana m'mimba. Mayi amene anadwalapo atabereka akhozanso kudwala pa mimba yotsatira, ndiye ayenera kunena kusikelo kuti amuyang'anire. Koma anganene bwanji ngati akudziwa kuti mzere wonse wa amayi umva, ndipo pofika madzulo mudzi wonse udziwa? Kusalana kumapha motero, mwakachetechete.

Mantha amene tili nawo ali ndi mbiri yake. Atsamunda anatsegula malo osungirako amisala ku Zomba m'chaka cha 1910, ndipo malowo anali mbali ya ndende. Chipatala chenicheni chinabwera m'zaka za m'ma 1950. Lamulo loyendetsera chisamaliro cha odwala maganizo la 1948 tinakhala nalo zaka zoposa 70, dziko litalandira kale ufulu. Ndiye musadabwe kuti mpaka lero "ndikupititsa ku Zomba" amamveka ngati chilango. Tinaphunzira kuti wodwala mutu ndi munthu womutsekera kutali, ndipo phunziro limenelo talisunga bwino kuposa aphunzitsi ake. Kuchoka ku Namitete kukafika ku Zomba ndi makilomita oposa 300. Mayi amene wagonekedwa kumeneko, ndani angakamuone Lamlungu lililonse, ndi mtengo wa thiransipoti wa masiku ano?

Koma thandizo siliyambira ku Zomba. Limayambira pachipatala chimene chili pafupi nanu, kaya ndi St Gabriel ku Namitete, kaya kwa Kabudula, pa Nsaru kapena ku Nambuma, ndipo iwo akaona kuti zawakulira amakutumizani patsogolo. Ku Lilongwe konkuno kuli a St John of God, amenenso ali ku Mzuzu, ndipo ntchito yawo ndi yomweyi. Kuli anamwino ndi madokotala amene anaphunzira za matenda a maganizo. Ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi kuchuluka kwathu, koma alipo.

Tsopano funso limene ambiri mwalisunga: "Koma anthu amenewa si oopsa?" Ndiyankha mosabisa. Odwala ambiri savulaza munthu, ndipo kawirikawiri iwo ndi amene amamenyedwa, kuberedwa ndi kugwiriridwa. Koma n'zoona kuti wina, matenda akakula osalandira thandizo, atha kudzivulaza kapena kuvulaza wina. Asisi sabata ija sakanayenera kusiyidwa okha ndi khanda. Chimene chinafunika n'chakuti munthu wamkulu akhale nawo pafupi ndipo galimoto ipezeke tsiku lomwelo. Chingwe sichinachiritse kanthu, chinangowonjezera mabala ndi mantha.

Komabe sindibwera pano kudzatukwana amayi a kumudzi amene amamanga ana awo. Ndinawaona akulira pomanga. Bungwe la Human Rights Watch linatulutsa lipoti mu 2020 losonyeza kuti anthu odwala maganizo amamangidwa ndi maunyolo kapena kutsekeredwa m'maiko 60, ndiye si umbuli wa kwathu kokha. Mayi amene ali yekha, ambulansi kulibe, ndalama ya galimoto alibe, mawa ayenera kupita kuganyu kuti ana adye, mumuuza kuti atani? Tikamuuza kuti masulani, tibwere ndi galimoto. Apa ndi pamene nkhaniyi imasanduka ya ndale. Panali miyezi ina imene asisi anapalasa njinga mtunda wautali kukatenga mankhwala, n'kuuzidwa kuti atha, abwerenso mwezi wamawa. Munthu akadumphitsa mankhwala matenda amatha kubwerera, ndipo akabwerera mudzi umati, mwaona, misala sichira. Mankhwala akasowa pa shelefu, manyazi amagwera wodwala, chonsecho oyenera kuchita manyazi ndi ena.

Za mapemphero ndi asing'anga ndinene mosamala, chifukwa nanenso ndimapemphera. Pempherani, koma pemphererani m'galimoto popita kuchipatala. Pali abusa ndi ansembe ambiri amene amachita zomwezi, amapemphera kenako n'kufunsa kuti mankhwala mwamwa? Amenewo tiwayamike. Koma mneneri amene amauza wodwala kuti ataye mapilitsi posonyeza chikhulupiriro, amene amasalitsa kudya mayi woyamwitsa, amene amajambula wodwala akugubuduka pansi n'kuika pa TikTok kuti akope anthu, ameneyo akuchita nkhanza, ndipo tizimutchula choncho. Za ufiti nazo, tikumbukire kuti lamulo la 1911 limati kunenera munthu ufiti ndi mlandu. Taganizani za agogo amene ukalamba wawasokoneza mutu, atuluka usiku, asokera, apezeka m'mawa pakhomo pa eni ali mbulanda. Anthu amati agwa pa ndege ya ufiti, miyala n'kuyamba. Agogowo ndi odwala matenda oiwala, ndipo amene amagendedwa chotere kawirikawiri ndi amayi.

Anzathu a ku Zimbabwe anatisonyeza kanthu kena. Dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa ku Harare ntchito yotchedwa Friendship Bench: agogo aakazi amaphunzitsidwa kumvetsera ndi kuthandiza munthu kumasula mavuto ake, atakhala pa benchi panja pa chipatala. Benchi silichiza schizophrenia, pamenepo pamafunika mankhwala. Koma linasonyeza kuti amayi wamba akaphunzitsidwa atha kukhala khomo loyamba la thandizo. Ife tili ndi magulu a banki mkhonde, a mvano, a dawa, a amayi a sukulu, m'mudzi uliwonse. Kuno kwathu kulinso bungwe la MeHUCA, la anthu amene akudwala kapena anadwalapo maganizo pamodzi ndi owasamalira. Pamisonkhano yathu ya ufulu wa amayi, ndi kangati tinawaitana kuti adzayankhule okha?

Ndiye ndikupempha zinthu zochepa, zotheka.

Vidiyo ya munthu wodwala ikafika pa foni yanu, ithere pomwepo. Osasheya, ngakhale ndi mawu oti "zachisoni". Ngati mungathe, lembani mu gulupumo kuti uyu ndi wodwala, chotsani. Adzakunenani kuti mumadzimva, zilibe kanthu. Munthuyo akadzachira adzaipeza vidiyoyo, ndipo ana ake adzaipezanso.

Mukakumana naye pamsika atavula, chitenje chimene chili m'chikwama chanucho ndi choyamba. Yankhulani naye motsitsa mawu, musatsutsane naye pa zimene akuona, balalitsani gulu, funsani amene akudziwa kwawo. Ngati mukuona kuti wachitidwa chipongwe, kanenedwe ku Victim Support Unit ya polisi, kapena imbani 5600, nambala yaulere ya nkhani za nkhanza.

Mnzanu, mng'ono wanu kapena mlamu wanu akabereka, musangofunsa za mwana. Mufunseni ngati akugona. Mayi amene watha masiku awiri kapena atatu osagona ngakhale mwana ali mtulo, amene akuyankhula zosalumikizana, akuopa zinthu zosaoneka kapena akukana mwana wake, apite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo asasiyidwe yekha.

Inu amene mumatumiza ndalama kumudzi, mawu anu amamveka kuposa mmene mukuganizira. Akakuimbirani kuti pakufunika ya mbuzi ya kwa sing'anga, nenani kuti ine nditumiza ya galimoto ya kuchipatala. Ankhoswe akakhala pansi kuti athetse banja la wodwala, funsani za ana, za munda, za katundu, ndipo pemphani kuti nkhaniyo idikire mpaka mwini wake athe kudziyankhulira.

Ndipo aphungu ndi makhansala akabwera kudzakamba za milatho ndi mijigo, tiwafunse kuti mankhwala a matenda a maganizo alipo pachipatala chathu mwezi uno? Namwino wa matendawa amafika kangati? Funso limeneli silifunsidwa chifukwa mabanja amene akulifuna amachita manyazi kuimirira pagulu. Tiimirire ndife.

Makolo athu anati wamisala anaona nkhondo. Timautchula mwambiwu moseka, koma nkhani yake ndi ya mudzi umene unachenjezedwa n'kusamvera chifukwa cha amene ananena. Asisi sabata yoyamba ija, mutu usanabalalikiretu, anauza apongozi awo kuti, "Amayi, mutu wanga sukuyenda bwino, ndiperekezeni kuchipatala." Anauzidwa kuti uchembere ndi choncho, alimbe mtima.

Nditawawerengera nkhaniyi pa foni dzulo, anakhala chete kanthawi, kenako anati ndiwonjezere chinthu chimodzi. Ati kubanki mkhonde kwawo chaka chatha ndalama zinasowa m'bokosi, ndipo amene anatulukira pamene panalakwika masamu ndi iwo. Chisankho cha msungichuma chikubweranso pogawana ndalama mu December, ndipo ati aimanso.